Rumba Ndi ya Yani? Dzina Limodzi, Eni Ake Ambiri

Mu 2016 bungwe la UNESCO linaika rumba pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi. Patapita zaka zisanu, mu Disembala 2021, bungwe lomwelo linaikanso rumba pa mndandanda womwewo. Yoyambayo inali ya ku Cuba, gule wa ng'oma, timitengo ndi mawu a pakamwa, wopanda gitala ngakhale imodzi. Yachiwiriyo inali ya mayiko awiri a Congo, ija ya magitala, ija amaidziwa aliyense amene anavinapo pa ukwati ku Lilongwe kapena ku Chipata. Kwa a UNESCO zinali zosavuta, chifukwa anangotsegula mafayilo awiri. Kwa olemba insaikulopediya ya pa intaneti monga Wikipedia nkhaniyi ndi yolemera, pakuti kumeneko masamba awiri sangakhale ndi mutu wofanana ndendende. Munthu akalemba zilembo zisanu zija n'kudina, ayenera kufikira pa tsamba limodzi lokha. Ndiye afikire pa liti?

Funsoli silingayankhidwe tisanadziwe amene akulimbirana dzinali, ndiponso mmene aliyense analipezera.

Dzinali linamera ku Cuba. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ukapolo utathetsedwa pa chilumbacho mu 1886, anthu akuda osauka anadzaza m'mizinda ya Havana ndi Matanzas. Ambiri ankanyamula katundu padoko, n'kumagona m'nyumba zothithikana zozungulira bwalo limodzi, zimene eni ake amazitcha solar. Pabwalo pamenepo ndi pamene rumba inakulira. Ng'oma zenizeni sizinkapezeka nthawi zonse, choncho ankamenya mabokosi a matabwa amene munabwera nsomba zouma kapena makandulo, wina akugogoda ndi masupuni, wina atagwira timitengo tiwiri tolimba totchedwa claves, tomwe ndi msana wa nyimbo yonse. Woimba mmodzi amayamba yekha, akutambasula nkhani yake, kenako gulu limavomera, ndipo ovina amalowa m'bwalo. Magule ake alipo atatu. Yambú ndi wapang'onopang'ono, ovina amatsanzira kayendedwe ka nkhalamba. Guaguancó ndi wa mwamuna ndi mkazi: mwamuna amazungulirazungulira kufuna kumudzidzimutsa mkaziyo ndi chiuno, phazi kapena dzanja, pamene mkazi amatchinga ndi nsalu ya siketi yake kapena ndi manja, uku akuseka, osataya sitepe. Columbia ndi wothamanga, wochokera kumidzi ya ku Matanzas, ndipo mwachikhalidwe mwamuna amavina yekha, akupikisana ndi ng'oma yaing'ono yolira pamwamba yotchedwa quinto. Gulu la Los Muñequitos de Matanzas, limene linayamba mu 1952, ndi limodzi mwa amene anasunga gule ameneyu mpaka lero. Munthu wa ku Havana ukamuuza kuti rumba, m'mutu mwake mumabwera zimenezi basi.

Chisokonezo chinayambira ku New York mu 1930. Bandi ya Don Azpiazú, woimba wake ali Antonio Machín, inajambula nyimbo ya Moisés Simons yotchedwa El Manisero, ya munthu wogulitsa mtedza m'misewu. Nyimboyi si rumba. Ndi ya chamba china cha ku Cuba chotchedwa son, cha magitala, lipenga ndi zisekese. Koma amalonda a mbale za galamafoni anaigulitsa ndi dzina lakuti rhumba, ataikamo chilembo h, ndipo nyimboyo itagunda msika, chilichonse chochokera ku Cuba chinayamba kutchedwa choncho. Xavier Cugat ankaimba zimenezi m'mahotela apamwamba a ku New York, ndipo mu 1935 kunatuluka filimu yotchedwa Rumba, mmene munali George Raft ndi Carole Lombard. Aphunzitsi a zovinavina anatengapo mwayi. Ku London mphunzitsi wina wodziwika ndi dzina lakuti Monsieur Pierre anapita ku Cuba mu 1947 kukaona mmene eni ake amavinira son, n'kubwera kudzaika masitepe ake m'malamulo. Lero rumba imeneyi ndi umodzi mwa magule asanu amene amapikisanirana m'gawo la Latin, pamodzi ndi samba, cha-cha-cha, paso doble ndi jive, ndipo ndi wochedwa kuposa onsewo. Mngelezi amene amaonera pulogalamu ya Strictly Come Dancing pa BBC sadziwa rumba ina koma yomweyi, ya mwamuna ndi mkazi ovala zonyezimira, oweruza atakhala pambali ndi mapepala a malikisi.

Dzina lolakwikalo linawoloka nyanja. Kuyambira 1933 kampani ya His Master's Voice inayamba kutulutsa mbale za nyimbo za ku Cuba ndi mayiko oyandikana nawo kuti zigulitsidwe ku Africa, zokhala ndi nambala zoyamba ndi zilembo G.V. Munali Sexteto Habanero, Trío Matamoros ndi ena otero. Ku Léopoldville, komwe lero ndi Kinshasa, ndi kutsidya kwa mtsinje ku Brazzaville, achinyamata anazikonda mbalezi koopsa. Anali nawo kale gule wawo wa anthu awiriawiri wotchedwa maringa, analinso ataphunzira kaimbidwe ka gitala kwa anthu a ku West Africa amene ankagwira ntchito m'sitima za pamadzi ndi m'maofesi. Anasakaniza zonsezi, poyamba akumatsanzira mawu a Chisipanishi amene sankawamva n'komwe, kenako n'kumaimba m'Chilingala. Zimene anthu a ku Cuba ankaimba ndi piyano ndi malipenga, iwo anaziika pa gitala. Situdiyo ya Ngoma inatulutsa Marie-Louise ya Wendo Kolosoy mu 1948. Joseph Kabasele, yemwe ambiri amamudziwa kuti Grand Kallé, anayambitsa African Jazz mu 1953, ndipo OK Jazz ya Franco Luambo Makiadi inabadwa mu 1956. Ku Brazzaville kunadzuka Les Bantous de la Capitale mu 1959. Pamene atsogoleri a Congo ankakambirana za ufulu ku Brussels mu 1960, bandi ya Kabasele inali komweko ndipo inapeka Indépendance Cha Cha. Oimba onsewa ankati akuimba rumba, chifukwa ndilo dzina limene linabwera ndi mbale zija. Koma chimene anamva n'kuchisandutsa chawo chinali son, osati gule wa mabokosi wa ku Matanzas uja.

Ku Spain nakonso kuli eni dzina. Oimba flamenco anatenga nyimbo zopepuka za ku Cuba n'kupanga rumba flamenca, ndipo Entre dos aguas ya Paco de Lucía ya mu 1973 ndi yotchuka mwa izo. Anthu a mtundu wa Romani a ku Barcelona, monga Peret, anapanga yawo yotchedwa rumba catalana, mmene dzanja limakhwatcha nsambo uku likumenya thupi la gitala ngati ng'oma. Ku Colombia mawu omwewa amangotanthauza phwando.

Apa ndiye pagona nkhani. Chimene chinayenda kuchokera ku Havana kupita ku New York, ku London, ku Kinshasa ndi ku Barcelona ndi dzina, pamene nyimbo zimene zinanyamula dzinalo n'zosiyana. Zili ngati chiwongo: a Phiri a ku Dedza ndi a Phiri a ku Katete akhoza kukhala ndi gwero limodzi lakalekale, koma sungalembe mbiri ya mmodzi n'kunena kuti wamaliza onse.

Olemba Wikipedia ali ndi njira zingapo zochitira ndi dzina lotere. Yachidule ndi kungolemba nkhani imodzi yaitali, Cuba pamwamba, Congo pakati, Spain pansi. Njirayi imaoneka yokoma poyamba, koma imanamiza. Wowerenga akaona zinthu zili pansi pa mutu umodzi amaganiza kuti ndi nthambi za mtengo umodzi, chachiwiri chinabadwa kwa choyamba. Komanso tsamba lotere limatupa msanga, aliyense akuwonjezera woimba wa kumtima kwake, mpaka nkhani ya woimba wa ku Congo Tabu Ley ikupanikizana ndi malamulo a kaponyedwe ka phazi a ku London. Njira imeneyi ine ndimaikana.

Njira ina ndi kusankha mwini dzina. Tanthauzo limodzi limapatsidwa mutu wopanda chowonjezera, ena onse n'kulandira mitu yotalikirapo, ndipo pamwamba pa tsamba la mwini dzinayo pamaikidwa kamzere kolozera amene asochera. Malamulo a Wikipedia ya Chingelezi amapereka miyeso iwiri posankha. Woyamba ndi wakuti owerenga ambiri amafuna chiyani akalemba dzinalo. Wachiwiri ndi wakuti ndi tanthauzo liti limene lili ndi kulemera kokhalitsa, losati lotchuka chaka chino chokha. Pa mawu ambiri miyeso iwiriyi imagwirizana. Pa rumba imakokerana uku ndi uku. Ukawerenga anthu odina ku Britain ndi ku America, gule wa mpikisano uja akhoza kupambana. Ukayang'ana mbiri, Cuba ndiye mwini. Nanga anthu miyandamiyanda a ku Kinshasa, Nairobi, Dar es Salaam, Lusaka, Harare ndi Blantyre, amene rumba kwa iwo ndi Franco ndi Papa Wemba? Ambiri mwa iwo samawerengedwa pa muyeso woyamba, chifukwa intaneti ndi yodula, chifukwa ena amawerenga Chifalansa kapena Chiswahili, komanso chifukwa munthu safufuza chinthu chimene akuchidziwa kale. Pa muyeso wachiwiri amaluzanso, poti mabuku a akatswiri onena za nyimbo za ku Cuba ndi ochuluka kuposa onena za nyimbo za ku Congo. Izi zimandiwawa, chifukwa miyesoyo imaoneka ngati yosakondera, chonsecho imangobwereza kusiyana kumene kulipo kale pakati pa olemba ndi olembedwa.

Ikalephereka njira ya mwini dzina, ambiri amathamangira tsamba losiyanitsa matanthauzo. Ili ndi tsamba lalifupi, lopanda nkhani, longondandalika kuti rumba ikhoza kukhala ichi, ichi kapena ichi, wowerenga n'kusankha yekha. Pa dzina ngati Mercury, limene ndi pulaneti, chitsulo chamadzimadzi chija cha m'zoyezera kutentha komanso mulungu wa Aroma, njirayi imagwira bwino, chifukwa munthu amadziwa kale chimene akufuna. Pa rumba sizili choncho. Mwana wa sukulu amene wamva nyimbo m'minibasi ndipo wauzidwa kuti ndi rumba sadziwa kuti kuli rumba zingapo. Ukamuika pa mndandanda wouma amadina choyamba, n'kuwerenga za claves ndi mabokosi a nsomba, n'kuchoka atasokonezeka kuposa mmene anabwerera. Ndiponso mndandandawo sutha kufotokoza chinthu chokoma kwambiri pa nkhani yonseyi, chomwe ndi ulendo wa dzinalo.

N'chifukwa chake ndimaona kuti Wikipedia ya Chingelezi inachita bwino posankha njira yapakati. Mutu wakuti Rumba uli ndi nkhani yongounikira, yonena kuti dzinali limatchulidwa pa zamba zosiyana ndi kufotokoza mmene zinakhalira choncho, ndipo chamba chilichonse chili ndi tsamba lakelake: la ku Cuba, la ku Congo, la flamenco, la ku Catalonia, ndi la gule wa mpikisano, limene analisiyanitsa polisiyira kalembedwe ka h kaja. Tsamba loterolo liyenera kukhala lalifupi mwadala. Ntchito yake ndi kumuuza munthu kuti dzina ili lili ndi eni ake angapo, umu ndi mmene analipezera, tsopano pita uko. Likayamba kutchula mayina a zimbale ndi masiku obadwa a oimba, ndiye kuti labwerera ku nkhani imodzi yotupa ija, ndipo pamafunika mkonzi wolimba mtima wodula zimene anzake alemba ndi chikondi.

Kugawa masamba ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi la malinki, ndipo ndi ntchito yotopetsa imene palibe amaiyamikira. Taganizani za nkhani ya Franco. Wolemba wina wanena kuti Franco anali katswiri wa rumba, n'kuika linki pa mawuwo osayang'ana kumene ikupita. Ngati ikupita ku tsamba la ku Cuba, wowerenga aphunzira bodza popanda chiganizo chabodza ngakhale chimodzi. Kuti zikonzeke, mkonzi amatsegula chida chosonyeza masamba onse olozera ku mutu umenewo, n'kuyamba kulowa limodzilimodzi. Apa ndi nkhani ya woimba wa ku Kenya, linki ipite ku Congo. Apa ndi filimu ya ku Hollywood, ipite ku gule wa mpikisano. Apa ndi bandi ya Gipsy Kings, ipite ku Catalonia. Penapake apeza chiganizo chimene sichikudziwika kuti wolemba ankanena rumba iti, ndipo ayenera kukafufuza m'buku limene chinachokera. Chimodzimodzi ndi kabokosi ka pambali kaja kosonyeza kumene chamba chinachokera. Munthu wofulumira amalemba kuti rumba ya ku Congo inachokera ku rumba ya ku Cuba, poti mayinawo akufanana, pamene choyenera kulembedwa ndi son ndi maringa. Cholakwika chaching'ono chotere chimakoperedwa ndi makina ofufuzira, ana a sukulu ndi atolankhani, mpaka chimabwereranso ku insaikulopediya ngati umboni.

Palinso Wikidata, nkhokwe imene inayamba mu 2012 ndipo imalumikiza masamba a zinenero zosiyanasiyana. Kumeneko chinthu chilichonse chimapatsidwa nambala yake, ndipo chinenero chimodzi chimangolumikiza tsamba limodzi ku nambala imodzi. Ngati tsamba lotchedwa Rumba m'chinenero china likunena za ku Cuba zokha, pamene la chinenero china likuunikira zonse, awiriwa sayenera kumangidwa pamodzi ngakhale mitu yawo ndi yofanana. Chomangira chikhale chinthucho, osati kalembedwe ka dzina.

Mkati mwa nkhani ya ku Congo momwemo muli mkangano wina. Mu 1969 achinyamata anayambitsa Zaïko Langa Langa, anasiya malipenga, natalikitsa sebene, gawo lija lakumapeto limene woimba amapumira, magitala n'kutenga bwalo, anthu n'kuvina mpaka thukuta. M'zaka za m'ma 1980 oimba monga Kanda Bongo Man ali ku Paris anafulumizitsanso kwambiri, ndipo ku Ulaya nyimbozo zinagulitsidwa ndi dzina lakuti soukous, kuno n'kudziwika kuti kwasakwasa. Kenako kunabwera ndombolo ya Wenge Musica ndi Koffi Olomide. Kodi zonsezi ndi rumba imodzi, kapena zamba zosiyana? Wogulitsa zimbale ku London ankatha kuika Franco pansi pa soukous, pamene wokonda nyimbo wa ku Lusaka amatcha ndombolo yomwe kuti rumba. Ine ndikuti tsamba la rumba ya ku Congo likhale kholo, lonena mbiri yonse kuyambira kwa Wendo, ndipo soukous ndi ndombolo zikhale ndi masamba awo ngati ana ake, chifukwa pano ubalewo ndi weniweni, wochokera kwa mphunzitsi kupita kwa wophunzira, bandi kubala bandi. Kusiyana kwake ndi kumeneku: pakati pa Matanzas ndi Kinshasa pali dzina, pamene pakati pa OK Jazz ndi Zaïko pali mzinda umodzi, chinenero chimodzi ndi sebene imodzi.

Sindikunena kuti Cuba ndi Congo n'zachilendo kwa wina ndi mnzake. Ambiri mwa akapolo amene anatengedwa kupita ku Cuba anachokera kudera la ufumu wa Kongo, ndipo mayendedwe a ng'oma zawo analowa mu son ndi mu rumba momwe. Anthu a ku Congo akamati nyimbo zija zinangobwerera kwawo, akunena zomveka. Ena amapitirira n'kunena kuti dzinalo linachokera ku mawu a Chikongo akuti nkumba, kutanthauza mchombo, pamene ena amalilondola ku Chisipanishi. Insaikulopediya isaweruze mlandu umenewu ndi mtima. Inene kuti akuti ndani, analemba kuti, ndipo ena akutsutsa motani. Ikatero anthu a ku Congo sanachepetsedwe, ndipo wowerenga sananamizidwe.

Makangano onsewa amathera pa tsamba la zokambirana limene lili kuseri kwa nkhani iliyonse. Wofuna kusintha mutu amalemba pempho lake, limakhala poyera pafupifupi masiku asanu ndi awiri, ndipo wotseka nkhani amayeza kulemera kwa mfundo, osati kuchuluka kwa manja. Ndondomekoyi ndi yabwino, koma imamva okhawo amene abwera. Pa nkhani ya rumba, wa ku Kinshasa kapena ku Ndola akapanda kufika ndi nyuzipepala yake kapena buku lake, mlandu umagamulidwa iye kulibe.

Kuli Wikipedia ya Chichewa, ndipo ikadali yaing'ono. Chinenero chilichonse chili ndi ufulu wokonza mitu yake malinga ndi owerenga ake, choncho palibe chifukwa chokopera kagawidwe ka Chingelezi mmene kalili. M'Chingelezi palibe mwini dzina mmodzi, n'chifukwa chake tsamba lounikira lija likuyenera. M'Chichewa mwini dzina alipo, ndipo palibe amene angatsutse. Funsani woyendetsa kabaza, mayi wa kwaya kapena woulutsa mawu pa wailesi kuti rumba n'chiyani, onse aloza ku Congo. Tsamba lathu lakuti Rumba likhale la nyimbo za ku Congo, ndipo pamwamba pake pakhale kamzere konena kuti ku Cuba kuli gule wa ng'oma wa dzina lomweli, ku Spain kulinso zina, ndipo wofuna zimenezo adine apa. M'kati mwake mulembedwe mosabisa kuti dzinali linabwera pa mbale za galamafoni, ndipo mukhale gawo limene Chingelezi sichidzatilembera bwino: mmene nyimbozi zinalowera ku Copperbelt kudzera m'malire a Katanga, mmene zinathandizira kubala sungura ku Zimbabwe, ndi mmene magitala ake analowera m'nyimbo zathu za ukwati ndi za kutchalitchi. Inu amene muli ndi nyuzipepala zakale, zikuto za makaseti ndi mabuku onena za oimba athu, tulutsani zimenezo, mutsegule akaunti, mulembe tsambalo ndi umboni wake wina asanatimasulirire la ku London.